Madola 96 pa sukulu yojambula manga pafupi ndi Copacabana: mmene telala waionera

Ndalama zake zinachoka m'thumba mwanga, ndiye ndili ndi pakamwa. Madola 8 Loweruka lililonse kwa masabata 12, onse pamodzi 96, osawerengera za kombi ya anthu awiri kuchokera ku Dzivarasekwa kukatsika pa renki ya Copacabana m'tauni ya Harare ndi kubwerera. Ine ndine telala. Kuti madola 96 akwane, ndiye kuti ndasoka mulu wa masiketi a yunifolomu, ndapinda mathalauza osawerengeka, ndapiriranso makasitomala aja obwera Lachisanu madzulo n'kumati akufuna suti ya ukwati wa mawa. Choncho inu amene mwakhala mukundiimitsa tikatuluka m'tchalitchi kufunsa ngati sukulu yojambula manga, nkhani za zithunzi za ku Japan zija, imene ndinalipirira mwana wa mlongo wanga ili yaphindu kapena kunali kutaya ndalama m'madzi, khalani pansi ndikuuzeni.

Mwanayo ndi mtsikana wa zaka 16, ali Fomu 3. Chiyambire Giredi 6 makope ake kumbuyo amadzaza ndi anthu a maso aakulu ngati a kadzidzi, tsitsi losongoka ngati masamba a chinanazi, malupanga otalika kuposa eni ake. Mayi ake amagulitsa tomato ndi anyezi, kope lililonse amaligula ndi thukuta. Tsiku lina anafika ku shopu kwanga n'kuponya kope la masamu patebulo lodulira nsalu. "Achimwene, mwana wanuyu ine ndatopa naye. Taonani nokha. Masamu masamba anayi, zidole masamba makumi awiri." Ndinatsegula. Kunena mosabisa, zidolezo zinali zolongosoka kuposa masamuwo. Kwathu ku Dedza mwana wa mlongo wako ndi katundu wako, ndiye ndinati m'malo momukalipira tiyeni timupezere munthu wodziwa, atiuze ngati zimenezi zili ndi mutu. Mumtima ndinkati ikamafika sabata yachitatu adzakhala atatopa nazo yekha.

Dzina la sukuluyi ndi la aphunzitsi ake sinditchula pano, ofuna adzandipeze ku shopu. Ndi chipinda chimodzi pamwamba pa nyumba yakale ya m'tauni, kuyenda mphindi zisanu kuchokera pamene kombi imatsitsira. Chikepe chinafa kalekale, mumakwera masitepe mpaka pansanja yachitatu, kudutsa okonza mafoni, oluka tsitsi ndi mayi wina wogulitsa mafuta onunkhira. Chipindacho anachigawa ndi mabolodi, moti mukamaphunzira mumamva wailesi ya oluka tsitsi ndi miseche yawo yonse. Ana analipo 11, atsikana anayi. Aphunzitsi ndi mnyamata wa zaka za m'ma 30, Mshona, m'kati mwa sabata amajambula zikwangwani ndi zotsatsa malonda. Ine amanditchula sekuru m'Chishona chawo, mwanayu amanditchula amalume, ana enawo anangotengera za amalumezo osadziwa tanthauzo lake. Ndinkakhala kumbuyo pafupi ndi zenera ndi kantchito kanga ka pamanja, mabatani kapena mpendero, chifukwa kusiya mwana wamkazi yekha m'nyumba za m'tauni zija sindikanalola.

Tsiku loyamba palibe anagwira pensulo kwa ola lathunthu. Aphunzitsi anaika patebulo chimagazini chonenepa kuposa Baibulo langa, cha mapepala otchipa ngati a nyuzipepala, chotsegulira kumene ife timati kumbuyo, chifukwa ku Japan amawerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere. Anati iyi ndi Weekly Shonen Jump, ya kampani ya Shueisha, inayamba kutuluka mu 1968 ndipo imatuluka sabata iliyonse. M'kati mwake muli nkhani pafupifupi makumi awiri za ojambula osiyanasiyana, aliyense masamba ake ngati 19. Kenaka anafunsa kuti ndani mwa inu anamalizapo masamba 19 a nkhani imodzi m'moyo wake wonse. Zii. Anati awa amatero sabata iliyonse, chaka ndi chaka, ndipo owerenga amatumiza makadi osonyeza nkhani zimene azikonda. Yako ikamangokhala kumunsi kwa mavoti, imadulidwa pakangopita miyezi yochepa, wina n'kulowa pamalo pako. Nthawi imene magaziniyi inali pachimake, cha mu 1995, ankasindikiza makope opitirira 6 miliyoni pa sabata imodzi. Apo ndinaika singano pansi. Ndinabwera ndikuganiza kuti ndikulipirira masewera, koma zimene ndinkamva ndi zimene ndimazidziwa bwino: oda ya mayunifolomu mu Januwale, tsiku lopereka silisuntha, ndipo kasitomala akapanda kukondwa amapita kwa telala wa khomo lina.

Chimene ndayamikira kwambiri pa sukuluyi n'chimenecho. Loweruka lililonse aphunzitsi ankatenga mphindi ngati 20 kufotokoza za wojambula mmodzi wa ku Japan, osati kumutamanda ayi, koma kuonetsa njira imene anadutsa. Ndipo njira zake n'zofanana ndi za ntchito zamanja zonse. Eiichiro Oda, mwini One Piece imene ana onsewa amailoweza, anapata mphotho yachiwiri pa mpikisano wa ojambula manga wotchedwa Tezuka ali ndi zaka 17, komabe sanapatsidwe malo m'magazini pompo. Anayamba wakhala wothandizira ojambula ena kwa zaka zingapo, nkhani yake n'kudzayamba mu 1997, ndipo mabuku ake anadutsa 100 isanathe. Wothandizira ntchito yake ndi kujambula nyumba ndi mitengo ya kumbuyo, kudetsa malo oyenera kuda, kulemba mizere ya liwiro, kufufuta pensulo inki ikauma. Nkhope za anthu amajambula mwini nkhani. Ine bambo anga ku Highfield anandisunga zaka ziwiri pa mabatani ndi kusita ndisanaloledwe kugwira sizasi pansalu ya kasitomala. Ndinamuuza mwanayu zimenezi m'kombi, anangoti, "Amalume, inunso nkhani zanu zonse zimathera pa mabatani."

Nkhani ya Akira Toriyama ndi imene inandikhala kwambiri. Munthuyu anayamba wagwira ntchito pa kampani yotsatsa malonda ku Nagoya, kujambula mapositala, ngati aphunzitsi athuwa, n'kusiya. Atayamba kutumiza zojambula zake ku Jump, mkonzi wake Kazuhiko Torishima anamukanira masamba pafupifupi 500 asanatulukire ndi Dr. Slump mu 1980. Dragon Ball inabwera mu 1984 n'kuyenda mpaka 1995, mabuku 42. Koma chimene chinandiseketsa ndi tsitsi. Ana onse amadziwa kuti mnyamata wa m'nkhaniyo akakwiya tsitsi lake lakuda limasanduka lachikasu, ndipo amaganiza kuti pali chinsinsi chachikulu. Mwini wake ananena yekha kuti kudetsa tsitsi lija ndi inki kunkadyera nthawi wothandizira wake, ndiye tsitsi lachikasu pa pepala losapaka utoto umangolisiya loyera. Mmisiri weniweni ameneyo. Ifenso sitayilo zina zimene makasitomala amazitama zinabadwa chifukwa nsalu inaperewera. Toriyama anamwalira mu Marichi 2024 ali ndi zaka 68.

Mkonzi uja ankadziwika ndi liwu limodzi la Chijapani, botsu, kutanthauza kuti zakanidwa, ndipo aphunzitsi athu analitengera. Ntchito ya masabata 12 inali imodzi yokha: mwana aliyense amalize nkhani ya masamba 8. Koma usanajambule bwinobwino umayamba ndi chimene a ku Japan amati nemu, timabokosi ndi tianthu ta timitengo pa pepala wamba, kungoonetsa kuti ndani waima pati, akunena chiyani, ndipo diso la wowerenga liyenda bwanji. Nemu ikavomerezedwa m'pamene umagwira pepala labwino. Ya mwana wathu inakanidwa katatu. Koyamba inali nkhani ya mtsikana wa lupanga pa sukulu ina ya ku Tokyo. Aphunzitsi anafunsa kuti ku Tokyo unapitako liti, chipata cha sukulu yake chimaoneka bwanji, ana ake amadya chiyani pa buleki. Cholembera chofiira, botsu. Kachiwiri inali ndi anthu 14 m'masamba 8. Kachitatu panali tsamba limene anthu awiri amangoyankhulana m'mabokosi asanu ndi limodzi ofanana, ngati zithunzi za pachiphaso. Tsiku limenelo analira m'kombi kuyambira ku Copacabana mpaka kudutsa National Sports Stadium, kondakitala n'kumandiyang'ana ngati ndamumenya. Ndinatsala pang'ono kubwerera kukawafunsa aphunzitsiwo ngati ndimalipira kuti mwana azilira. Koma Lamlungu titachoka ku tchalitchi ndinamupeza pansi pa mtengo wa mapeyala akuyambanso, osatumidwa ndi munthu.

Nkhani imene inadutsa ndi ya pamjigo. Ife a ku Dzivarasekwa madzi a m'mipopi timawaona mwa apo ndi apo, ndiye mzere wa zigubu pamjigo ndi moyo wa tsiku ndi tsiku. Iye anajambula kamtsikana kamene kasiya chigubu chake pamzere usiku, m'mawa n'kupeza chasunthidwa kupita kumbuyo, ndiye nkhondo yake yobwezeretsa malo anaijambula ngati nkhondo za malupanga zija, mizere ya liwiro, nkhope zokwiya pafupipafupi, mayi wina wonenepa ataima ngati chimphona bokosi lonse. Mayi ameneyo ndimamudziwa, ndipo aliyense wa mumsewu mwathu akaona tsambalo amamudziwa.

Kuti afike pamenepo panali phunziro limene ndikuti lokha linakwana madola 8 ake. Masabata oyamba ana onse 11, akuda ngati ine, ankajambula anthu a mphuno ngati kadontho, milomo ngati kamzere, tsitsi loterera. Loweruka lachinayi aphunzitsi anawatsitsa onse kupita pamsewu ndi makope, anati jambulani amene mukuwaona. Oitanira makombi, amayi a nthochi, wapolisi, mnyamata wokankha ngolo. Atabwerera anakhala nawo pa funso limene mabuku a ku Japan sangakuyankhe: khungu lakuda ulionetsa bwanji ndi inki yakuda pa pepala loyera? Ukadetsa nkhope yonse, maso ndi pakamwa zimasowa. Ukaisiya yoyera, munthu wasanduka wina. Anawaonetsa mapepala omata a timadontho otchedwa screentone, amene a ku Japan amadula ndi kampeni n'kumata pamene akufuna mthunzi, koma poti kuno ndi osowa komanso odula, anawaphunzitsa kuchita ndi timizere topingasa ta peni, n'kusiya poyera pachipumi, pamphuno ndi pamasaya pamene dzuwa limamenya. Tsitsi loluka anathera nalo ola lonse, ndipo anakaitana mmodzi wa oluka tsitsi a kuseri kwa bolodi kuti adzakhale pampando ana amujambule. Anavomera atalonjezedwa botolo la chakumwa.

Sabata yachisanu ndi chiwiri inali ya ntchito ina imene sindinkadziwa kuti ilipo, ya anthu opanga maonekedwe a anthu a m'makatuni ndi m'magemu. Iwowa salemba nkhani. Ntchito yawo ndi kuganiza kuti munthu wakutiwakuti azioneka bwanji, n'kumujambula kutsogolo, kumbali, kumbuyo, akuseka, akulira, msinkhu wake pafupi ndi anzake, nsapato zake, ngakhale mmene lamba wake amamangidwira. Pepala limenelo limapita kwa ojambula ambirimbiri, ena ali m'mayiko ena, ndipo onse ayenera kutulutsa munthu yemweyo. Ndinati aphunzitsi, imeneyo ndi patani. Amene amadula patani ya yunifolomu sasoka masiketi 300, koma akalakwitsa theka la inchi, masiketi onse 300 alakwika. Ndipo patani yabwino si yokongola kwambiri ayi, ndi imene telala wotopa angaitsatire usiku osasokoneza. Anavomera, n'kuwonjeza kuti n'chifukwa chake munthu wa m'buku akamapita pa kanema amamuchepetsera mizere ndi tizokongoletsa, poti mzere uliwonse udzajambulidwa kambirimbiri. Anatchula Yoshitaka Amano, amene analowa ntchito ku situdiyo ya Tatsunoko ali ndi zaka 15 zokha, anakhalako zaka ngati 15, kenaka n'kuyamba kudziimira payekha, ndipo kuyambira 1987 ndi amene ankajambula anthu ndi zilombo za gemu ya Final Fantasy. Toriyama uja nayenso, ali m'kati mwa Dragon Ball, ndi amene anapanga maonekedwe a anthu a gemu ya Dragon Quest kuyambira 1986. Mwanayu atamva za zaka 15 anandiyang'ana. Ndinamuuza kuti asayerekeze, Fomu 4 ikumudikira.

Tsiku lomwelo m'pamene ndinalephera kudzigwira. Aphunzitsi anajambula pabolodi mwamuna wovala jekete atakweza dzanja, ndipo jeketelo linangokhala phee ngati lachitsulo. Zaka 30 ndikusoka majekete, sindikanatha kungoyang'ana. Ndinaimirira, ndinavula langa, ndinamuveka mnyamata wina wamtali, ndinati kweza mkono. Onani, phewa latukuka, kolala yachoka pakhosi, makwinya onse akuthamangira ku batani chifukwa ndi pamene nsalu yagwidwa. Nsalu simakwinyika mwachisawawa, imakokedwa kuchokera pamene yamangika. Chitenje makwinya ake amachokera pamene wapisira m'chiuno, n'kutsika mopendekera. Siketi ya mapuliti ikakhala pansi mapuliti amatseguka pabondo, osati m'chiuno. Ana anajambula, aphunzitsi nawonso anatenga kope n'kujambula. Sanachite manyazi ndipo sanakwiye, ndipo pa chimenecho ndinawapatsa ulemu. Komabe ndinene: pa nsalu ndi pa zala za manja aphunzitsiwa ndi ofooka, ndipo ana amatengera zofooka za mphunzitsi msanga kuposa zabwino zake.

Za ndalama sanawabisire ana, ndipo apa makolo ena mwina sangakondwe. Anati mayina amene mumawadziwa ndi ochepa kwambiri mwa anthu zikwizikwi. Wojambula manga amalipidwa pa tsamba, ndipo pa ndalama yomweyo ndi pamene amalipira othandizira ake ndi lendi ya chipinda chogwiriramo, moti ambiri phindu amaliona pokhapokha nkhani ikasonkhanitsidwa kukhala buku n'kugulidwa. Ku makatuni a pakanema ndiye kowawa. Woyamba kumene amapatsidwa ntchito yojambula zithunzi za pakati, zolumikiza chithunzi china ndi chinzake kuti munthu aoneke ngati akuyenda, ndipo malipiro amene akhala akutchulidwa kwa zaka zambiri ndi ngati 200 yen pa chithunzi, ndalama yosakwana madola awiri, pa ntchito imene ingakudyere ola. Ndi ganyu ya pa chidutswa, ngati ija tinkachita m'mafakitale a zovala ku Southerton, kuwerenga makolala madzulo. Ngakhale Hayao Miyazaki, amene dziko lonse limamugwadira lero, anayambira pa zithunzi za pakati zomwezo ku situdiyo ya Toei mu 1963, ndipo anali mmodzi wa atsogoleri a bungwe la ogwira ntchito pamenepo. Studio Ghibli, situdiyo ya makatuni imene anayambitsa ndi anzake, inadzabwera mu 1985, patapita zaka 22.

Ndiye pali thupi. Osamu Tezuka, amene amamutcha tate wa ntchito yonseyi, munthu amene anaphunzira udokotala koma n'kusankha kujambula, anamwalira mu 1989 ali ndi zaka 60. Shotaro Ishinomori, amene ali mnyamata anakhalapo m'nyumba ya lendi ya Tokiwa-so ku Tokyo momwe Tezuka anakhalamonso, naye anapita ali ndi zaka 60, mu 1998. Kentaro Miura wa Berserk anamwalira mu 2021 ali ndi zaka 54, nkhani yake isanathe. Yoshihiro Togashi wa Hunter x Hunter amaima miyezi, nthawi zina zaka, chifukwa cha msana. Pamene Shigeru Mizuki, amene anaduka mkono wamanzere pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse n'kumajambula ndi umodzi wotsalawo, ankadziwika kuti tulo sasewera nato, ndipo anafika zaka 93. Ine msana wanga umandiuza nyengo isanasinthe, maso anayamba magalasi ndili ndi zaka 40. Walira mvula walira matope. Chimene ndinakonda n'chakuti aphunzitsi ankawaimiritsa ana pakatha mphindi 40 zilizonse kuti adziwongole, ndipo amene wagoneka mphuno pa pepala ankamugogoda patebulo.

Mlongo wanga anabwera kamodzi kokha, sabata yachisanu ndi chinayi, atavala nkhope yokagwira wakuba. Mwamwayi tsiku limenelo inali nkhani ya Hiromu Arakawa, mayi amene anakulira pa famu ya ng'ombe za mkaka ku Hokkaido. Atamaliza sekondale anagwira ntchito pa famu ya makolo ake zaka 7, kukama ndi kuchotsa ndowe, akujambula nthawi yopuma, kenaka n'kupita ku Tokyo kukakhala wothandizira. Fullmetal Alchemist yake inayenda kuyambira 2001 mpaka 2010, ndipo mpaka lero akamadzijambula yekha amajambula ng'ombe yovala magalasi. Anatchulanso Rumiko Takahashi, amene anayamba mu 1978 ndipo wakhala akutulutsa nkhani m'magazini a anyamata kwa zaka zoposa 40. Potuluka mlongo wanga anangoti, "Wamva? Zaka 7 akuthandiza makolo ake. Mawa ukanditsatire kumsika." Aliyense anatolapo zake.

Tsopano zowawa. Kusunga nthawi kulibe. Kalasi imayenera kuyamba 9 koloko, koma kanayi konse tinadikira pakhomo lotseka mpaka cha m'ma 10, ndipo ola lotayikalo silinabwezedwe. Munthu amene amalalikira za tsiku lopereka ntchito losasuntha ayenera kuyamba ndi wotchi yake. Pa chikalata chotsatsa analemba kuti ana adzaphunziranso kujambula pa kompyuta, koma kompyuta ndi imodzi, thabuleti yojambulira imodzi, ana 11. Magetsi akathima, zimene zinachitika Loweruka zitatu, palibe jenereta kapena sola, ndiye phunziro limenelo lafa, ndipo mbali ya chipinda yakutali ndi zenera imachita mdima woti sungaone mzere wa pensulo. Ndikawerengera, mwana wathu anagwira thabuletiyo mwina ola limodzi ndi theka m'masabata onse 12. Chimbudzi chili pansanja ina ndipo kiyi amasunga munthu amene sapezekapezeka. Zipangizo amagulitsa okha pamtengo wokwera: kapeni koviika mu inki kotchedwa G-pen ndi kabotolo ka inki anandiuza madola 9, ndipo chenji cha dola chinasanduka ngongole ya pakamwa imene sindinaionenso. Mapeni akuda a nsonga yopyapyala a m'mashopu a mabuku amagwira ntchito bwinobwino kwa woyamba, musadzivutitse. Pomaliza amapereka satifiketi yosindikiza pa kompyuta yomweyo, imene sindikuona ofesi imene ingailandire. Makolo mudziwenso kuti mabuku ali pashelefu pakona paja si onse a ana. Ena muli magazi ndi zina zosayenera, ndipo palibe amene amayang'anira kuti ndani watenga liti. Ndinadandaula, anawakweza pashelefu yapamwamba, ngati kuti ana a zaka 16 alibe manja.

Koma dandaulo langa lalikulu ndi lakuti masabata 12 tinakhala ku Tokyo, ku Harare tinangodutsako. Mwana wa ku Dzivarasekwa sadzanyamula envulopu kupita ku ofesi ya Shueisha. Adzafunsidwa ndi mayi wa saluni kuti umujambulire chikwangwani, ndi m'busa kuti umupangire positala, ndi wolemba mabuku a ana kuti umuikire zithunzi, ndipo adzafunika kudziwa kutchula mtengo, kutenga dipoziti, ndi kukana wachibale wofuna zaulere. Aphunzitsi amadya ndi zimenezi sabata yonse koma sanaphunzitsepo ngakhale kamodzi, ngati akuchita nazo manyazi. Za kuno anazitchula mothamanga tsiku lomaliza: kuti kuli Comexposed, kumene ojambula nkhani za zithunzi a mu Harare amakumana n'kuonetsa ntchito zawo, ndi kuti pa makatuni a ku Africa a Kizazi Moto amene Disney inatulutsa mu 2023 pali imodzi yotchedwa Mukudzei, ya Pious Nyenyewa ndi Tafadzwa Hove, ana a konkuno. Anatchulanso mpikisano wa ku Japan wa Silent Manga Audition, umene munthu wa dziko lililonse angalowe chifukwa nkhani zake n'zopanda mawu, zithunzi zokhazokha, ndiye Chijapani sichifunika. Zimenezi zinayenera kubwera sabata yoyamba, ana akanadziwa kumene masamba awo 8 angapite.

Ndiye mukandifunsa kuti nditumize wanga kapena ayi, ndikufunsani kuti mwana wanuyo amajambula pamene palibe womuona? Ngati amangokonda kuonera makatuni pa foni, sungani ndalama zanu, adzathawa pa botsu woyamba. Mwa ana 11 aja anamaliza masamba 8 ndi asanu, atatu anasiya sabata yachisanu isanakwane. Ngati ali ngati wathuyu, wodzaza makope a masamu, mutumizeni, koma mupite naye tsiku loyamba, mufunse za magetsi ndi za nthawi musanapereke ndalama, ndipo muzilipira Loweruka ndi Loweruka, osati zonse pamodzi.

Masamba 8 a pamjigo aja tinakawafotokopa pa shopu ya pansi, makope 20, ine n'kuwasoka pakati ndi makina anga, ulusi wakuda, sitichi yaitali kuti pepala lisang'ambike. Anagulitsa 13 ku tchalitchi ndi kusukulu pa dola imodzi makope awiri, ndipo mayi wonenepa uja anagula awiri, akuti wina atumiza kwa mwana wake ku Johannesburg. Gawo lachiwiri la maphunziro likuyamba mwezi wamawa. Mlongo wanga walola pokhapokha masamu akafika 60 pa mayeso a temu ino, ndipo kope la masamu azilionetsa kwa ine Lachisanu lililonse, kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Ndi aphunzitsi tagwirizana kuti fizi itsike kufika madola 6, ine ndidzatenge Loweruka limodzi kuphunzitsa za nsalu. Ndayamba kale kusonkhanitsa zopita nazo: jekete, chitenje, siketi ya mapuliti, malaya a kolala yolimba, ndi ovolosi yakale ya makaniko wina amene sanabwere kudzaitenga chiyambire chaka chatha.